Simu Yosagwirika ndi Manja

Ine ndine munthu woyesa zinthu. Mbewu ya chimanga ndisanabzale, ndimayamba ndakulunga njere khumi m'kansanza konyowa kuti ndione ngati imera. Njinga ndisanapite nayo kutali, ndimayamba ndazungulira nayo pabwalo. Khalidwe limeneli landipulumutsa kambirimbiri, moti kwathu kuno kwa Mlonyeni munthu akafuna kugula kanthu amauzidwa kuti akayambe wafunsa a Mateyo. Ndikunena izi poyambirira kuti mukamva zimene ndinachita musandiyese chitsiru chobadwa. Uchitsiru wanga unali wa masabata awiri okha, koma unakwana.

Mwana wathu Millicent ndi namwino ku Francistown, m'dziko la Botswana, kumene amakhala ndi mwamuna wake Kenneth. Mimba yake yoyamba inapita padera ali yekhayekha m'chipatala cha eni ake, Kenneth ali kutali kuntchito. Yachiwiri itakula, madokotala anati magazi ake akuthamanga kwambiri ndipo sadikira kuti matenda ayambe okha. Anamupatsa tsiku la opaleshoni, Lachisanu pa 20 June. Millicent sanatipemphe zambiri.

"Ababa, zovala za mwana ndili nazo, chilichonse chilipo," anatero pafoni. "Ndikungofuna ndidzaone nkhope ya amayi ndisanalowe ku fiyeta. Ulendo uja ndinalowa ndekha."

Mkazi wanga Esitele anali asanayendepo kupitirira Chipata, ndipo Chipata ife sitiiwerengera ngati kunja. Chizungu sadziwa, kupatula moni ndi mayina a mankhwala a fodya. Koma atamva mawu a mwana wakewo anangoti, "Ndipita," n'kutulutsa mtondo kuyamba kusinja nsinjiro zoti anyamule.

Ulendo anaukonza Kenneth. Esitele anyamuke Lachiwiri pa 17 m'mamawa, awoloke pa Mwami, akwere basi ku Chipata mpaka ku Lusaka. Akafika kumeneko Kenneth amutumizire pa WhatsApp tikiti ya basi ina yonyamuka Lachitatu, yopita molunjika ku Francistown. Zonse zinatsamira pafoni. Tikiti pafoni, kudziwa basi yoyenera pafoni, kuuzana pamene wafika pafoni. Foniyo anatitumizira kudzera kwa dalaivala wina wa thiraki, yaikulu ngati chikhatho, yoterera mochititsa mantha.

"Nanga simu?" ndinamufunsa Millicent. "Ya ku Zambia tingabwereke kwa aneba, koma ya ku Botswana tiitenga kuti?"

Kumalire kuno simu timazidziwa. Munthu amakhala nazo ziwiri zitatu, ina yakuno ina yakutsidya, atazikulunga m'kapepala kuseri kwa foni. Ikakana iyi, umachotsa n'kuika iyo. Choncho ndinafunsa ngati katswiri, koma mwana anaseka.

"Ababa, zosinthasintha makadi zinatha. Ndagula simu imodzi yogwira ku Zambia ndi ku Botswana komwe. Imatchedwa eSIM. Siigwirika ndi manja, imangolowa m'foni."

"Ilowera pati?"

"Ndikutumizirani chithunzi. Foni ikachiona chithunzicho ndi kamera yake, simu yalowa. Mwamva, eti?"

Ndinati ndamva, chifukwa bambo savomera kwa mwana wake kuti sanamve.

Chithunzi chinafika. Ine ndinkayembekeza kuona chithunzi cha simu, koma kunabwera kabokosi ka timadontho takuda ndi toyera, ngati nthenga za nkhanga. Tinakhala pakhonde awiriwiri kukayang'ana. Vuto linaonekera pomwepo. Chithunzi chili kumaso kwa foni, kamera ili kumsana. Foniyo ichiona bwanji chinthu chimene chili pamimba pake? Ndinaitembenuza uku, ndinaitembenuza uko, ngati kuti ndikafulumira kamera ichipeza chithunzicho chisanathawe.

Esitele analowa m'nyumba n'kutuluka ndi galasi lake lopesera tsitsi. "Iziona yokha apa," anatero. Ndinamuseka, kenako ndinaganiza kuti mwina ali ndi nzeru. Tinaimika galasi pampando, ine n'kugwira foni moyang'anizana nalo. Palibe chinachitika. Esitele anati mwina galasi lada, n'kulipukuta ndi chitenje. Tinayesanso. Mbuzi ya aneba inabwera kudzationerera mpaka inatopa n'kupita.

Tsiku la msika tinakwera kabaza kupita pa Kamwendo kwa Limbani, mkulu wa imvi zam'mbali amene amakonza mafoni m'kashopu koyandikana ndi siteji. Titamufotokozera za galasi anaseka mpaka kutsokomola.

"Madala, izi ndinachitapo kamodzi kokha, kwa sisitere wina wa ku Ludzi amene ankapita ku Kenya," anatero. "Chithunzichi chiyenera kutuluka m'foni kaye, kenako chilowenso."

"Chituluke kuti chilowe?"

"Eya, basi."

Anapita nayo foni kushopu yoyandikana, kumene amasindikiza zikalata, n'kubwera ndi pepala lili ndi nthenga za nkhanga zija. Analigoneka patebulo, analozetsa kamera, anadinadina, foni n'kuzunguliza kampira kwa kanthawi. Kenako anati, "Yalowa."

"Tsegulani ndione," ndinatero.

Anatenga kasingano n'kutulutsa kakabati ka simu. Munali khadi imodzi yokha, ya Esitele yakale ija. Ndinamuyang'ana Limbani, iye n'kundionetsa pagalasi la foni mizere iwiri ya mawu, wina wa simu yakuno, wina wa yachilendoyo.

"Ndiye ili pati kwenikweni?"

"Ili m'katimo, madala, koma si chinthu."

"Si chinthu, koma ili m'kati."

"Mwayamba kumva tsopano."

Sindinayambe kumva chilichonse. Esitele ndiye anafunsa zanzeru. Anati, "Achimwene, ine mungondionetsa podina." Limbani anamuonetsa kabatani kotsetsereka pambali pa mzere wachiwiri uja n'kunena kuti kakhale kozimitsa, adzakayatse akadzawoloka malire. Chifukwa chake sananene, nane sindinafunse. Ndinangoganiza kuti popeza simuyo ndi yakunja, kuno siingapeze chogwira. Pochoka ndinafunsa za pepala lija.

"Sungani ngati mukufuna," anatero, maso ali kale pafoni ya munthu wina.

Ndinalipinda bwinobwino n'kuliika m'pulasitiki mmene ndimasungira zikalata za fodya. Mumtima mwanga nkhani inali itamveka: kwawo kwa simuyo ndi papepala, m'foni yangobwera kudzacheza.

Masiku awiri ndinakhala wosakhazikika. Mkazi wanga apite ulendo wa masiku awiri, mayiko awiri, atadalira chinthu chimene palibe wachiona chikugwira ntchito? Ngakhale khasu latsopano umayamba walitema pansi usanapite nalo kumunda. Limbani mwiniwake anati anachitapo kamodzi kokha, ndipo ndani akudziwa ngati sisitere ujayo sanakasochere ku Kenya?

Tili ndi munda wakumtunda, woti ukaima pamzere womaliza atambala amene ukuwamva ndi a ku Zambia. Kumeneko netiweki yakutsidya imalowerera ngati nkhuku za aneba. Umatha kulandira uthenga wokulandira ku Zambia khasu lili m'manja, uli m'munda mwako momwe. Ndiye ndinadzifunsa kuti kodi foni imadziwa bwanji kuti munthu wadinditsa pasipoti? Siidziwa. Lachinayi pa 5, Esitele atapita kumsonkhano wa amayi a kutchalitchi, ndinatenga foni n'kukwera kumundako.

Ndinaima pamzere womaliza, ndinatsetseretsa kabatani kaja. Poyamba kunali zii. Kenako pamwamba pa foni panamera timizere tina pambali pa takale, ndipo dzina la netiweki ya ku Zambia linatulukira. Ndinatumiza moni kwa Millicent pa WhatsApp, unapita ngati mphezi. Ndinasekerera ndekha m'mapesi. Chinthu chosagwirika chija chinali chamoyo, ndipo amene anachitsimikiza ndinali ine.

Chimwemwecho sichinathe ngakhale mphindi zisanu. Kunalowa uthenga wachizungu. Chizungu changa ndi cha Sitandade 8 yakale, cholimba ndithu, ndiye ndinauwerenga kawiri n'kuumva bwino lomwe. Unkati simu yanu yayamba kugwira ntchito lero, ndipo idzatha pakapita masiku asanu ndi awiri. Ndinawerenga zala. Idzatha Lachinayi pa 12. Esitele adzanyamuka pa 17. 

Ndinazimitsa kabatani msangamsanga. Koma mtima sunatsike. Aliyense amene anakhalapo ndi wailesi akudziwa kuti kuzimitsa sikukwanira. Mabatire ukawasiya momwemo amathabe pang'onopang'ono, mwinanso kuchucha. Munthu wosamala amawachotsa n'kuwaika pawindo, adzawabwezeretse nthawi ya nkhani. Simu za makadi nazonso ndi chimodzimodzi, ukaichotsa imagona m'kapepala osadya kanthu. Ndiye ndinafufuza pansi pa kabatani kaja mpaka ndinapeza mawu ofiira otanthauza kuchotsa. Ndinadina. Foni inandifunsa ngati ndatsimikiza. Ine, Mateyo, kufunsidwa ndi foni ngati ndatsimikiza! Ndinadina. Inafunsanso kachiwiri, ndipo ndinadina mwaukali.

Mzere wachiwiri uja unasowa. Ndinatsika kumunda mtima uli m'malo, ndikudziuza kuti ndawononga theka la ola chabe, masiku ena onse ndawasunga papepala. Esitele sindinamuuze, poti panalibe choti ndimudetsere nkhawa.

Lamulungu pa 15 Kenneth anaimba kunena kuti Millicent amugoneka kale m'chipatala chifukwa magazi akwera, ndipo madokotala akuti asamve chilichonse chomusokoneza. Lolemba ndinatenga foni ndi pepala langa kupita pa Kamwendo ndekha kuti Limbani akabwezeretse simu.

"Ibwerere kuti? Inapita kuti?" anafunsa Limbani.

"Ndinaitulutsa pang'ono. Ingolowetsaninso."

Anagoneka pepala patebulo n'kulozetsa kamera. Kampira kanazungulira, kenako foni inalemba zokana. Anapukuta kamera ndi malaya ake, anayesanso. Inakana. Ndinati mwina pepala lapindika, akasindikize lina. Anapita, anabwera nalo latsopano lowongoka bwino. Inakananso.

"Madala, munachita chiyani kwenikweni?"

Ndinamufotokozera za kumunda, za uthenga, za mabatire a wailesi. Pofika pa mabatire Limbani anagwira mutu ndi manja onse awiri.

"Iii, madala! Chithunzi ichi chimagwira kamodzi kokha. Chili ngati khadi ya mayunitsi yokanda kale. Olo chikanalowa, masiku aja sanaime ayi. Anayamba kuyenda tsiku lomwelo, anathera pa 12."

"Anayenda bwanji simu nditaichotsa?"

"Amawerengera kwawoko, osati m'foni."

"Kwawo kuti?"

"Kumene anagula mwana wanuko."

"Ndiye simuyo ili kumeneko?"

"Ayi."

"M'foni mulibe. Papepala mukuti palibe. Kumene anagulako kulibenso. Nanga ili kuti?"

"Palibe kumene ili."

"Chinthu sichingasowe kumene chili, Limbani. Ngakhale mbuzi yotayika ili penapake."

Anthu awiri amene ankadikira mafoni awo anayamba kuseka, ine mutu unangoima. Kunena zoona, mpaka lero sindidziwa kuti chinapita kuti chinthu chimenecho. Limbani anatsitsa mawu. Anati nkhani yake ndi yaing'ono: ndiimbire ana, agule ina, atumize chithunzi chatsopano, iye aika pompano ndisanamalize n'komwe kumwa fanta.

Yaing'ono kwa iye. Millicent anali pabedi, woletsedwa kumva zosokoneza. Wotsala anali Kenneth. Ndiye ine, mwini mwana, ndiimbire mkamwini kumuuza kuti ndinakwera kumunda kukaseweretsa chinthu chimene Limbani anati chikhale chozimitsa, ndipo ndachipha poyesa kuchisunga ngati mabatire? Mkamwini amene tsiku lobwera kudzadzionetsa anakhala pansi pakhonde langa osadzutsa mutu? M'maganizo ndinaona nkhope yake ikuyesetsa kubisa kuseka, ndipo manyazi anandigwira.

"Kodi sizingatheke kuti ikadzuke yokha mayi akawoloka malire?" ndinafunsa. "Poti inazolowera kale netiweki yakumeneko."

Limbani anali atatopa nane, ndipo mzere unali kukula. "Aaa, madala, za makinazi kaya, mwina. Koma ine sindikukhulupirira. Imbani foni basi."

Pa mawu onsewo ndinatola amodzi okha, akuti mwina aja, ena onse ndinawasiya patebulo pake. Njira yonse yobwerera ndinkawalera mawu amenewo mpaka anakula. Pofika kunyumba mwina uja anali atasanduka mawu akuti kawirikawiri zimatero. Munda wakumtunda unali pomwepo, ndikanatha kukwera n'kukaona ngati idzukadi. Ine woyesa zinthu, tsiku limenelo sindinakwereko, chifukwa pansi pa mtima ndinkadziwa chimene ndikapeze.

Lachiwiri m'mamawa ndinamuperekeza Esitele mpaka pa Mwami. Millicent anali atanena kale kuti simu yakuno itsale kuti isakadye mayunitsi kunja, choncho ndinaitulutsa n'kuiika m'kafoni kanga kamabatani. Esitele anali ndi chikwama chimodzi ndi thumba la nsinjiro, ufa wa mgaiwa wa phala ndi zitenje ziwiri zatsopano zoberekera. Atadinditsa pasipoti anatulutsa foni.

"Bambo a Mili, kabatani kaja sindikukaona."

"Limbani wakonza kuti iziyaka yokha," ndinatero. Bodzalo linatuluka mosavuta ngati ndinaliyeserera. "Ikachedwa musatekeseke. Mungodikira, idzuka."

"Chabwino, poti mwanena ndinu."

Anaika foni m'chikwama, anasenza thumba lake, n'kuwoloka osacheuka. Pa zaka makumi atatu ndi zinayi za ukwati wathu sanakayikirepo mawu anga pa nkhani ya makina, kuyambira wailesi mpaka pampu yothirira.

Madzulo a tsiku lomwelo Kenneth anaimba. "Ababa, amayi sakupezeka. Tikiti ndatumiza koma sinafike."

"Ndi netiweki yam'njira imeneyo," ndinatero. "Kumapiri a Luangwa kuja imavuta."

"Koma pano ayenera kuti afika ku Lusaka."

"Mwina basi yachedwa."

Lachitatu m'mawa anaimbanso. Anali atalankhula ndi a kuofesi ya basi ya ku Francistown ija, ndipo anamuuza kuti yanyamuka mpando wa amayi uli wopanda munthu. Ndinati mwina batire yatha. Pakamwa panga pankatuluka mwina pambuyo pa mwina, ngati ndatsegula golosale yake. Kenneth anati ali ndi mnzake ku Lusaka amene angapite kudepoti kukafufuza, koma popeza foni ingathe kuyaka nthawi iliyonse, tiyambe tadikira pang'ono. Ndikanangonena pomwepo kuti siiyaka, mnzakeyo akanapita tsiku lomwelo. Ndinati eya, tidikire.

Tsiku limenelo sindinagwire ntchito. Ndinatenga khasu kupita kudimba, ndinakazindikira ndili pachitsime. Aneba akandifunsa kuti mayi ayenda bwanji, ndinkati ayenda bwino. Ndinatulutsa pepala lija m'pulasitiki n'kumayang'ana timadontho tija, ngati kuti ndikayang'anitsitsa ndiona pamene simuyo yabisala. Mantha ndinali nawo, aakulu, koma manyazi anali atakhala pamwamba pake.

Lachinayi dzuwa litangotuluka kafoni kanga kanalira. Nambala inali ya ku Zambia. Mawu a mwamuna anati, "Ba tate, kambani na amai aba, manje fulumizani, foni ni yanga."

"Bambo a Mili?" Anali Esitele, mawu atasasa. Nambala imene ankaidziwa pamtima inali yake yokha, yomwe inali m'kafoni kangako. "Foni ija sinadzuke. Dzulo lonse ndinakhala pabenchi kuidikira monga munanenera. Ndaona kuti masiku akutha. Ndakwera ya ku Livingstone, kumeneko ndikafunsa anthu. Mumuuze mwana kuti ndikubwera."

"Mayi a Mili, tamverani, foniyo..."

Inaduka. Nditaimbanso, mwamuna uja anati iye ndi woitanira anthu chabe, basi yatuluka kale pageti. Dzina la basiyo ndinaiwala kufunsa.

Ndinamuuza Kenneth kuti amayi ali m'njira ya ku Livingstone. Anapuma mwamphamvu, kenako anati pali chinthu chimene sakuchimvetsa. Anali atatsegula foni ya Millicent kuona kumene anagula simu ija.

"Kukuonetsa kuti inayamba kugwira ntchito pa 5, ku Zambia, ndipo inatha pa 12. Kodi amayi anapitako ku Zambia pa 5?"

"Ayi, sanapiteko," ndinayankha. Zinali zoona, ndipo ndinadana nacho choonadi chimenecho kuposa mabodza onse aja.

"Ndiye zatheka bwanji? Kapena wina anaba chithunzi chija?"

"Kaya, za makinazi."

Kenneth anati zilibe kanthu tsopano, ngakhale atagula ina palibe njira yoilowetsera m'foni imene ilibe netiweki. Madzulo anapita kudepoti ya ku Francistown kukadikira mabasi ochokera kumalire a Kazungula. Anadikira mpaka yomaliza imene anamuuza, Esitele munalibe. Anabwerera kuchipatala.

Lachisanu cha m'ma eyiti koloko ndinali nditakhala pakhonde, tiyi atazizira m'kapu, pamene kafoni kanalira. Sanali Kenneth. Anali Millicent, mawu ake ang'onoang'ono ngati nthawi imene ankadwala malungo ali mwana.

"Ababa, andiveka kale chovala cha ku fiyeta. Akubwera kudzanditenga. Kenneth akungoti amayi ali pafupi, ali pafupi. Inu simunama. Amayi ali pati?"

Ndinatsegula pakamwa kuti nditulutse mwina winanso, koma anali atatha.

"Mwana wanga, sindikudziwa kumene ali. Ndipo wolakwa ndine."

Ndinamuuza zonse, mwachidule, poti nthawi panalibe. Kuti ndinaiyatsa kumunda, kuti ndinaichotsa, kuti Limbani anandiuza Lolemba kuti yafa ndipo ndiimbe foni, ine osaimba. Kuti ndinawauza amayi ake adikire chinthu chimene kunalibe. Ndinayembekeza kuti akalipa. Ndikanakonda akanakalipa. Ndinkangomva mawilo a kabedi akulira chapatali ndi anthu akulankhula chinenero chakumeneko.

"Ababa," anatero potsiriza, "mukanangonena. Zinali za mphindi zisanu."

Kenako ndinamva akulira, ndipo Kenneth anatenga foni n'kunena mwaulemu wake wonse kuti aimbanso. Ulemu umenewo unandilasa kuposa chipongwe. Ndinakhala pomwepo osasuntha, ndikupempherera mwana amene ndinamuonjezera katundu pa khomo la fiyeta.

Cha m'ma teni Kenneth anaimba. Mwana wamkazi, wamoyo, wolira bwino. Millicent nayenso anali bwino, magazi akutsika. Ndinathokoza Mulungu ndikulira ngati wamasiye. Koma za Esitele kunalibe mawu mpaka dzuwa litapendeka, pamene Kenneth analandira foni kuchokera kwa mayi wina wa ku Katete wogulitsa tomato pafupi ndi depoti. Mayiyo anali atamva munthu akudandaula yekha m'Chichewa, anamufunsa, anatenga foni yopanda netiweki ija n'kupezamo nambala ya Kenneth.

Zinadziwika kuti Esitele anawoloka pa Kazungula Lachinayi madzulo, anapeza basi ina imene Kenneth sanauzidwe, ndipo anatsika ku Francistown Lachisanu kusanache bwino. Anayesa kufunsa anthu njira ya kuchipatala, koma Chichewa chake chinali chitathera kumalire. Anawaonetsa chithunzi cha Millicent atavala yunifolomu, iwo n'kumangopukusa mitu, ena kuganiza kuti akupempha. Kuchokera padepotipo kukafika kuchipatala, Kenneth akuti pagalimoto sipatha mphindi khumi.

Ndiye nthawi imene mwana wanga ankandifunsa kuti amayi ali pati, amayi ake anali m'tauni momwemo kwa maola atatu, atakhala pathumba la nsinjiro, foni ili m'manja. Esitele anandiuza yekha pambuyo pake, osakalipa, kuti anthu atamukanika anaitulutsanso n'kumaiyang'ana, poganiza kuti mwina ku Botswana ndiye idzuka, poti bambo a Mili ananena kuti idzuka.